Nkhondo Yosamva Kuti Yatha: Mbiri ya Pangano Loletsa Mabomba Omwazika

Chiyambi

Pa 3 Disembala 2008, mumzinda wa Oslo m'dziko la Norway, dziko la Malawi lidasaina pangano loletsa mabomba omwazika, amene pa Chingerezi amati cluster munitions. Pa 7 Okotobala 2009 boma lidatsimikiza kuti lamangidwa ndi panganolo, motero Malawi adakhala mmodzi mwa mayiko 30 oyambirira amene adachititsa kuti panganoli liyambe kugwira ntchito.

Inu ophunzira mukhoza kudabwa. Dziko lathu silidapangepo mabomba amenewa, silidawasungepo, ndiponso silidawaponyepo pa wina aliyense. Nanga chidatipititsa ku Oslo nchiyani? Kuti tiyankhe funsoli tiona chimene bombali limachita, zimene lidachita kwa anansi athu, ndi mkangano umene udalipo pakati pa ofuna kuliletsa ndi ofuna kulisunga. Powerenga, onetsetsani mmene mfundo za mbali zonse ziwiri zayalidwira, popeza umu ndi mmene chimangirizo cha mbiri chimalembedwera.

Bomba lomwazika nchiyani?

Amene mudaonapo nsatsi zitauma mukudziwa kuti dzuwa likatentha khoko lake limathetheka, nthanga nkumwazikira kutali. Bomba lomwazika limachita chimodzimodzi. Ndi chitsulo chachikulu chokhala ngati mgolo, chimene chimaponyedwa ndi ndege, mzinga kapena roketi. Chisanafike pansi chimatseguka ndi kukhuthula timabomba ting'onoting'ono makumimakumi, mwina mazanamazana. Timabombati timagwa pamalo aakulu ngati bwalo la mpira limodzi kapena angapo.

Pamenepa pali mavuto awiri. Loyamba limadza tsiku lankhondo: woponya sangasankhe pogwera kabomba kalikonse. Lachiwiri limadza nkhondo itatha: timabomba tina sitiphulika. Tikagwera m'matope, pamchenga kapena m'nthambi za mitengo, timangokhala pomwepo zaka zambiri kudikira wotikhudza.

Tiyerekeze, mongoyerekeza chabe, kuti bomba lotere lagwera pafupi ndi msika wa Ngwenya ku Area 24 mumzinda wa Lilongwe. Nyumba za kumeneko nzothinana. Pali ogulitsa matimati ndi makala, akabaza, amayi oswa miyala ndi ana opita kusukulu. Ngakhale woponyayo atanena kuti amafuna galimoto imodzi ya asilikali, timabomba take tigwera onsewa. Tsono pakapita miyezi, mwana wotola zitsulo zakutha kuti akagulitse pasikelo apeza kachitsulo kobulungira kokula ngati lalanje. Mnzake wopanga magalimoto amawaya aganiza kuti wapeza chopangira mateyala. Mayi wolima kachigunda ka chimanga kuseri kwa nyumba akamenya ndi khasu. Zimenezi sizidachitikepo kwathu, koma ndizo zachitikira anthu a m'mayiko ambiri.

Kumene zidayambira

Mabombawa adayamba kudziwika pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu Juni 1943 ndege za Germany zidamwaza timabomba tokhala ndi mapiko ngati agulugufe pa tauni ya Grimsby ku England, ndipo ena mwa amene adafa adali anthu amene adatitola m'mawa mwake.

Koma dziko limene lidazunzika koposa ndi Laos, ku Asia. Kuyambira 1964 mpaka 1973, pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndege za America zidaponya pa Laos matani a mabomba oposa 2 miliyoni. M'kati mwake mudali timabomba pafupifupi 270 miliyoni, ndipo akatswiri amati pafupifupi 80 miliyoni sitidaphulike. Anthu a ku Laos ndi alimi ngati ife, amadalira munda wa mpunga. Padutsa zaka zoposa 50, koma ntchito yochotsa timabombato m'minda siinathe. Ana amene akuvulala lero, ngakhale makolo awo adabadwa nkhondoyo itatha.

Zimene anansi athu adaona

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya kutsidya kwa nyanja kokha. M'zaka za m'ma 1970, boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, linkamenyana ndi omenyera ufulu amene adali ndi misasa ku Mozambique ndi ku Zambia. Asilikali a Rhodesia adapanga kabomba kawokawo kotchedwa Alpha. Kadali kobulungira, ndipo kakagunda pansi kankanjanja ngati mpira nkuphulikira m'mwamba pang'ono kuti zidutswa zake zilase anthu ambiri. Ndege imodzi ya mtundu wa Canberra inkanyamula timabomba totere mazana angapo.

Pa 23 Novembala 1977 ndegezi zidaphulitsa msasa wa chipani cha ZANU pafupi ndi Chimoio ku Mozambique, ndipo anthu oposa 1,000 adafa. Patapita masiku awiri zidaukira msasa wa Tembue m'chigawo cha Tete, chimene chidachita malire ndi dziko lathu. Pa 19 Okotobala 1978 zidafika ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, pa msasa wa chipani cha ZAPU cha Joshua Nkomo. M'chaka chomwecho, pa 4 Meyi, ndege za South Africa zidamwaza timabomba ta Alpha pa Cassinga ku Angola, pamene padali anthu a ku Namibia. Anthu pafupifupi 600 adafa, ndipo dziko la Namibia limakumbukira tsikuli chaka ndi chaka. Oukirawo ankati malo onsewa adali misasa ya asilikali. Oukiridwawo ankati mudalinso othawa nkhondo, amayi ndi ana asukulu. Kabomba kogwa kuchokera m'mwamba sikadafunse kuti uyu ndani.

Zimbabwe adalandira ufulu mu 1980, koma zotsalira za mabombawa sizidamve kuti nkhondo yatha. Dziko la Zambia lidalengeza kuti lamaliza kuchotsa timabomba totere mu 2010. Dziko la Mozambique lidalengeza zomwezo mu Disembala 2016, patapita zaka pafupifupi 40 chichitikire za ku Chimoio.

Amalawi adaona zotsatira za nkhondo ndi maso awo. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, anthu oposa 1 miliyoni adathawira kuno. Adakhala ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mangochi ndi maboma ena a m'malire. Ku Nsanje othawa nkhondo adafika pochuluka kuposa eni boma. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, ambiri adabwerera kwawo nkukapeza minda ndi njira zawo zitatcheredwa mabomba okwirira. Ngakhale kuno kwathu kudali nkhawa ndi malo a m'malire, komanso misasa ya gulu la Malawi Young Pioneers limene asilikali adalilanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Akuluakulu a ku Kawale, Biwi ndi Area 24 amakumbukira kulira kwa mfuti m'masiku amenewo. Malowa adafufuzidwa, ndipo mu 2008 Malawi adalengeza kuti wakwaniritsa udindo wake pa nkhani ya mabomba okwirira. Pajatu akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo a nkhondo amati chiyani?

Ena amadabwa akamva kuti nkhondo ili ndi malamulo. Ilidi nawo. Mapangano a ku Geneva a 1949 ndi zowonjezera zake za 1977 adakhazikitsa mfundo zikuluzikulu. Yoyamba ndi kusiyanitsa: womenya nkhondo ayenera kulekanitsa msilikali ndi munthu wamba, msasa wa asilikali ndi mudzi. Yachiwiri ndi kulinganiza: nkoletsedwa kuukira ngati zikuonekeratu kuti anthu wamba avutika mopitirira phindu limene asilikali akufuna kupeza.

Mfundozi sizachilendo kwa ife. Kumudzi, mlenje amene wakumba mbuna panjira yopita kuchitsime sangadziteteze ponena kuti amafuna nguluwe. Mwana akagweramo, mlandu ndi wake, ngakhale iye atasamuka kalekale. Funso limene mayiko adalimbana nalo lidali lakuti: kodi bomba lomwazika lingagwiritsidwe ntchito mosamala, kapena ndi mbuna yapanjira mwachibadwa chake?

Mu 1974, pa msonkhano wa akatswiri umene bungwe la Red Cross lidaitanitsa ku Lucerne m'dziko la Switzerland, dziko la Sweden ndi mayiko ena ochepa adapempha kuti mabombawa aletsedwe. Pempholo silidapite patali. Pangano la zida zankhondo la 1980 silidawatchule. Nkhaniyi idagona zaka zambiri.

Mfundo za ofuna kuwasunga

Mayiko amene ali ndi mabombawa sadasowe chonena, ndipo wophunzira wabwino ayenera kumva mbali yawo. Choyamba, iwo amati bomba limodzi lomwazika limagwira ntchito ya mabomba ambiri polimbana ndi akasinja kapena asilikali omwazikana pamalo aakulu, motero asilikali awo amapulumuka. Chachiwiri, amati mukawaletsa, ankhondo adzaponya mabomba akuluakulu ochuluka amene adzagumula nyumba zambiri koposa. Chachitatu, amati malamulo a ku Geneva ngokwanira: wolakwa ndi amene waponya bomba pamudzi, osati bombalo. Chachinayi, amati vuto la timabomba tosaphulika lingathe ndi luso lamakono, popanga timabomba todziwononga tokha tikalephera kuphulika.

Mfundo za ofuna kuwaletsa

A mbali inayi adayankha ndi zimene zidaoneka m'minda ndi m'zipatala. Mu Meyi 1999 mabomba omwazika a mayiko a NATO adagwera pamsika ndi pafupi ndi chipatala mumzinda wa Niš ku Serbia. Mu 2001 ku Afghanistan, ndege za America zinkaponya timabomba tachikasu, pamene mapaketi a chakudya chothandizira anthu amene ndege zina zinkaponya adalinso achikasu. Mu 2006 bungwe la Handicap International lidatulutsa kafukufuku woonetsa kuti mwa anthu 100 alionse amene adalembedwa kuti adaphedwa kapena kuvulazidwa ndi mabombawa, 98 adali anthu wamba.

Chimene chidagwedeza dziko lonse ndi nkhondo ya mu 2006 pakati pa Israel ndi gulu la Hezbollah. Akatswiri a bungwe la United Nations adati Israel adamwaza timabomba pafupifupi 4 miliyoni kummwera kwa Lebanon, tambiri m'masiku atatu omaliza a nkhondoyo, ndipo mwina 1 miliyoni sitidaphulike. Nalo gulu la Hezbollah lidaponya maroketi okhala ndi timabomba kumpoto kwa Israel. Alimi a fodya ndi azitona ku Lebanon adayenera kusankha pakati pa kusiya zokolola kuti ziwole ndi kulowa m'munda wa imfa.

Ku Lebanon komweko ndiko mfundo ya luso lamakono idayesedwa. Kabomba kotchedwa M85 kadali ndi kachipangizo kodziwonongera, ndipo poyesa m'malo oyesera zida kankalephera kamodzi kokha pa 100. Akatswiri a ku Norway atafufuza m'minda ya ku Lebanon, adapeza mu 2007 kuti kankalephera pafupifupi ka 10 pa 100. Malo oyesera amakhala ouma ndi osalala, pamene nkhondo imamenyedwa m'matope, m'mitengo ndi pamadenga.

Ulendo wa ku Oslo

Zokambirana za ku Geneva zinkafuna kuti mayiko onse agwirizane, motero dziko limodzi lamphamvu likakana zonse zinkaima. Koma padali kale chitsanzo cha njira ina. Mu 1997 mayiko ang'onoang'ono ndi apakati, pamodzi ndi mabungwe omwe si aboma, adapanga pangano la ku Ottawa loletsa mabomba okwirira popanda kudikira mayiko amphamvu. Malawi adalitsimikiza mu 1998.

Potsata njira yomweyo, dziko la Norway lidaitanitsa msonkhano ku Oslo mu Febuluwale 2007, ndipo mayiko 46 adalonjeza kuti pangano latsopano likhalepo chaka cha 2008 chisanathe. Misonkhano ina idachitikira ku Lima, ku Vienna ndi ku Wellington. Pa 31 Malichi ndi 1 Epulo 2008 mayiko a mu Africa adakumana ku Livingstone m'dziko la Zambia, ndipo ambiri adagwirizana zokalankhula ndi mawu amodzi kuti mabombawa aletsedwe kotheratu. Dziko la South Africa, limene linkapanga mabombawa, poyamba lidafuna kuti ena apatulidwe.

Mawu a Africa adali olemera chifukwa cha kuchuluka kwa mayiko ake. Pa msonkhano wotere, voti ya Malawi ndi yofanana ndi ya Britain. Pa 30 Meyi 2008, mumzinda wa Dublin ku Ireland, mayiko 107 adavomereza mawu a panganolo. Mu Disembala chaka chomwecho mayiko 94 adasaina ku Oslo, ndipo panganoli lidayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2010. Msonkhano woyamba wa mayiko a m'panganoli udachitikira ku Laos mu 2010, ndipo wachinayi udachitikira ku Lusaka mu Seputembala 2013.

Zimene panganoli limanena

Dziko limene lalowa m'panganoli limalonjeza kuti silidzagwiritsa ntchito, kupanga, kusunga kapena kugulitsa mabomba omwazika, ngakhale kuthandiza wina kuchita zimenezi. Liyenera kuwononga mabomba amene lidasunga pasanathe zaka 8, ndi kuchotsa zotsalira m'nthaka yake pasanathe zaka 10, ngakhale lingapemphe nthawi yowonjezera. Ndime 5 idabweretsa chinthu chatsopano: boma liyenera kuthandiza ovulala pa mankhwala, pa ziwalo zopanga ndi pa njira zopezera ndalama, ndipo mabanja awo ndi midzi yawo amawerengedwanso ngati okhudzidwa.

Si zonse zimene zidakondweretsa aliyense. Ndime 21 imalola dziko la m'panganoli kumenya nkhondo limodzi ndi dziko limene silidalowe. Ena amati ndimeyi idasiya khomo lotsekula. Ena amati popanda iyo mayiko ngati Britain, Germany ndi Japan, amene ndi abwenzi a America, sakadasaina. Nkhani imeneyi imakhudzanso ife, popeza asilikali a Malawi akhala akugwira ntchito yosungitsa mtendere limodzi ndi a mayiko ena, monga ku Democratic Republic of Congo.

Dziwaninso kuti kusaina pangano si mapeto a ntchito. Ndime 9 imafuna kuti dziko lililonse liike m'malamulo ake zilango za ophwanya panganoli. Ndipo gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limati pangano la pakati pa mayiko limene talowa malamulowa atayamba kugwira ntchito limasanduka lamulo la dziko lino ngati Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa lamulo lotero.

Kodi panganoli lathandiza?

Mayiko oposa 110 ali m'panganoli. Pofika kumapeto kwa 2023, mayikowa adali atawononga mabomba omwazika pafupifupi 1.5 miliyoni, okhala ndi timabomba toposa 170 miliyoni. South Africa, amene poyamba ankakayika, adalowa mu 2015 ndipo adamaliza kuwononga ake mu 2023. Timabomba tonseti sitidzapha mwana aliyense.

Komabe mayiko amene ali ndi mabomba ochuluka, monga America, Russia, China, India, Pakistan ndi Israel, sadalowe. Mabombawa adagwiritsidwanso ntchito ku Libya, ku Syria ndi ku Yemen. Russia atalowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022 adawaponya m'mizinda, ndipo pa 8 Epulo 2022 anthu oposa 50 amene ankadikira sitima yapamtunda kuti athawe adaphedwa pa siteshoni ya Kramatorsk. Naye Ukraine adawagwiritsa ntchito, ndipo mu Julayi 2023 America adayamba kumupatsa ena. A ku Ukraine ankati akuteteza dziko lawo ndipo adzayeretsa okha nthaka yawo. Mu Malichi 2025 dziko la Lithuania, poopa Russia, lidakhala loyamba kutuluka m'panganoli.

Apa mpamene mkangano wakale wabwereranso ndi mphamvu. Kodi dziko limene laukiridwa lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito chida chilichonse? Otsutsa amayankha kuti nthaka ya ku Ukraine idzalimidwa ndi ana amene sadafunsidwe maganizo awo, monga zidachitikira ku Laos ndi ku Tete.

Mathero

Tsopano tingayankhe funso lathu lija. Malawi adapita ku Oslo chifukwa ndi dziko la alimi, ndipo chida ichi chimapha alimi ndi ana awo nkhondo itatha. Adapitako chifukwa adalandira othawa nkhondo ndipo adaona nthawi imene anansi ake adataya poyeretsa minda. Adapitakonso chifukwa dziko laling'ono lilibe mizinga yodzitetezera kwa amphamvu, koma lili ndi voti ndi lamulo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma mayiko ang'onoang'ono atagwirizana adalemba lamulo limene ena mwa amphamvu adalitsatira.

Mbiri iyi ikutiphunzitsa kuyeza chida poona zimene chimachita patapita zaka 10, 20 kapena 50, osati tsiku lankhondo lokha. Ikutiphunzitsanso kuti pangano limalimba kapena kufooka malinga ndi anthu amene akulisunga. Ena mwa inu mudzakhala asilikali, maloya, aphungu kapena akazembe, ndipo funsoli lidzafika m'manja mwanu. Pakadali pano gwiritsani mfundo iyi: mukapeza chitsulo chachilendo chooneka ngati chida chankhondo, musachikhudze, musachigende, musachitenthe. Chenjezani anzanu, ndipo dziwitsani amfumu kapena apolisi.

Matanthauzo a mawu

Mbuna: dzenje lokumba ndi kuphimba pamwamba kuti nyama igweremo.
Kunjanja: kudumpha kwa chinthu chikagunda pansi.
Kutsimikiza pangano: boma kuvomereza kotheratu kuti limangidwa ndi pangano limene lidasaina.
Akasinja: magalimoto ankhondo achitsulo cholimba okhala ndi mzinga.

Mafunso

1. Fotokozani mavuto awiri amene bomba lomwazika limabweretsa.
2. Tchulani malo atatu a kummwera kwa Africa kumene timabomba ta Alpha tidaponyedwa, ndi zaka zake.
3. Kodi fanizo la mbuna likugwirizana bwanji ndi mfundo ya kusiyanitsa msilikali ndi munthu wamba?
4. Nchifukwa chiyani zimene zidapezeka pa kabomba ka M85 zidafooketsa mfundo ya luso lamakono?
5. Pezani miyambi iwiri imene ili m'nkhaniyi ndipo fotokozani ntchito yake.

Ntchito

Gawanani magulu awiri ndi kuchita mtsutso pa mutu uwu: "Dziko limene laukiridwa lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito chida chilichonse podziteteza." Mukatha, aliyense alembe chimangirizo cha mawu 350 chofotokoza mbali imene yamukhutiritsa ndi zifukwa zake.